Onani nokha nkhalango yanu pa satelaiti musanasaine za kaboni

Nkhani ya ndalama za kaboni kuno ku Eastern Province ya Zambia si yachilendo, a COMACO ndi a BioCarbon Partners akhala akugwira ntchito ndi mafumu m'chigwa cha Luangwa kwa zaka ndithu. Koma ambiri m'makomiti a nkhalango sadziwa kuti ofufuza ndi ogula kaboni sayenda tchire lonse kuwerenga mitengo, amadalira maningi zithunzi za satelaiti, ndipo zambiri mwa zithunzizo ndi zaulere, inunso mungazione bola bando ilipo.

Chomwe chimagulitsidwa ndi makirediti, ndipo kirediti imodzi ndi tani imodzi ya mpweya wa CO2. Mu pulojekiti ya REDD+, yochepetsa kudulidwa kwa nkhalango, sakulipirani chifukwa choti mitengo ilipo chabe, amayerekeza kuti ikadadulidwa yochuluka bwanji pulojekiti kukadapanda, nkuchotsera yomwe yadulidwadi. Chiwerengero choyerekezacho ndiye baseline, ndipo chimachokera pa zithunzi za zaka zam'mbuyo. Ndalama yonse yagona pamenepo.

Yambani ndi malire. Yendani m'mbali mwa nkhalango ndi foni ya GPS pamodzi ndi anduna a amfumu ndi a Forestry, muzilemba mapointi pa mtsinje, pa phiri, pomwe munda wa munthu wathera. Lamulo la Forests Act la 2015 limalola mudzi kulembetsa gulu loyang'anira nkhalango yake, ndipo mapu amafunika. Amene akutengerani mapointiwo akupatseni fayilo yake ya mapu yotchedwa KML, musalole kuti ikhale mu laputopu ya munthu mmodzi.

Kenako tsegulani webusaiti ya Global Forest Watch, kwezani malirewo, ikuonetsani pomwe mitengo yatha chaka ndi chaka kuyambira 2001. Apa chenjerani. Iyo imayambira pa 30% ya mthunzi wa mitengo, pomwe Zambia imawerenga nkhalango kuyambira 10%, pa malo a theka la hekitala, mitengo yotha kufika mamita 5. Miombo yathu ndi tsanya wa kuchigwa ndi zotalikirana, ndiye mukasiya pa 30% malo ena ambiri saoneka ngati nkhalango nkomwe. Tsitsani pa 10% muone kusiyana.

Mukafuna kuona ndi maso anu pitani pa webusaiti ya Copernicus Browser musankhe satelaiti ya Sentinel-2. Imajambula malo omwewo masiku 5 aliwonse, kabokosi kamodzi pa chithunzi ndi mamita 10 mbali zonse, ndiye hekitala imodzi ndi timabokosi 100, munda watsopano umaonekeratu. Yokha inayamba 2015, za kale kuposa apo ndi Landsat ya ku America, timabokosi take ndi ta mamita 30.

Manje apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Musayerekeze chithunzi cha March ndi cha September, mudzalira bule kuti nkhalango yatha pomwe mitengo yangoyoyola masamba ndipo lupsa ladetsa pansi. Dzinja nalo limanama, udzu wautali ndi chimanga zimabiriwira ngati mitengo, kuwonjezera mitambo yophimba zonse. Ine ndimakonda May kapena June, mitambo yachoka, udzu wayamba kuuma koma mitengo ikadali ndi masamba. Tengani mwezi womwewo chaka chilichonse. Za moto onani pa webusaiti ya NASA FIRMS, imaika kadontho pomwe pakuyaka, zimathandiza kudziwa mbali yomwe moto umayambira kawirikawiri kuti mukalambule njira yotchinga moto.

Chomwe satelaiti imalephera ndi makala. Wootcha makala amasankha mitengo ikuluikulu apa ndi apo, yaing'ono nkuisiya, kumwamba kumaoneka kobiriwirabe koma kaboni yambiri yapita kale pa njinga kulowera ku Chipata. Nchifukwa chake mapuloti apansi, timalo tosankhidwa m'nkhalango toyezerapo mitengo, sathawika. Mumayeza kunenepa kwa mtengo pa mita 1.3 kuchokera pansi, mulembe mtundu wake ndi kutalika, akatswiri amasandutsa zimenezo kukhala kulemera kwa mtengo wouma, pafupifupi theka lake ndi kaboni, nkuchulukitsa ndi 3.67 kuti apeze CO2. Achinyamata a Grade 12 m'mudzi angaphunzire kuyeza kumeneku, si za digiri ayi.

Pa msonkhano ndi a kampani pitani ndi zithunzi zanu zosindikiza, madeti olembedwa pansi. Afunseni mwaulemu kuti bwana baseline mwatenga zaka ziti, mwagwiritsa satelaiti iti, mapuloti ali angati ndipo ali kuti. Ngati pulojekiti ili pansi pa Verra, bungwe lotsimikizira makirediti a kaboni, zikalata zake zimakhala poyera pa registry yawo pa intaneti, ndi makirediti omwe atuluka kale, funsani nambala ya pulojekiti mukatsegule nokha, ndipo chilolezo cha boma cha malonda a kaboni achionetse amfumu asanaike sitampa.