Momwe Mungadziyezere Nokha Kachilombo ka HIV ndi OraQuick

Musanatsegule paketi, khalani mphindi 15 osadya kapena kumwa chilichonse. Kenako tengani kachipangizo koyezera, mupukute nako nkhama zam'mwamba kamodzi ndi zam'munsi kamodzi, ndipo mukaviike m'kabotolo ka mankhwala kamene kali m'paketimo. Dikirani mphindi 20 musanaone zotsatira pa kachipangizoko, koma musapitirire mphindi 40.

Mzere umodzi pa chilembo C ukutanthauza kuti kachilombo sikanapezeke, komabe amene anagonana mosadziteteza posachedwapa ayenera kudzayezanso pakatha miyezi itatu. Mukaona mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, chonde musataye mtima ndiponso musazengereze kupita kuchipatala kuti akatsimikize poyeza magazi, chifukwa akakupezani nako mungathe kuyamba tsiku lomwelo kumwa ma ARV, amene m'zipatala za boma amaperekedwa kwaulere.