Kuumba chipolopolo cholemera cha mtovu chosakira nguluwe pa liwiro lotsika

Kuno ku Texas nguluwe ndi mliri, zimalowa mmunda usiku umodzi mmawa mumapeza ngati padutsa thirakitala, mpake kuyambira 2019 boma linati pa malo a munthu mutha kuzisaka opanda laisensi bola mwini malo wavomera. Ambiri amasaka usiku ndi sailensa, kachipangizo koika kukamwa kwa mfuti kochepetsa phokoso, kuti gulu lisabalalike pa kuwomba koyamba, ndiye sailensa ija singathandize kwenikweni ngati chipolopolo chikuthamanga kuposa mawu, chifukwa chimapanga kuphulika kwakekwake mu mpweya. Mawu amayenda pafupifupi 1,125 fps (mafiti pa sekondi) kukakhala kotentha bwinobwino, kukazizira amatsika pangono, nchifukwa chake ife timalinga pa 1,000 mpaka 1,050 basi.

Ndiyetu liwiro mwalimanga kale, zomwe zakutsalirani ndi kulemera, mphuno ya chipolopolo ndi mtovu omwe mwasungunula. Taonani, chipolopolo cholemera 220 grain (muyezo wa kulemera kwa zipolopolo) cha mfuti ya .300 Blackout pa 1,050 fps chimanyamula mphamvu pafupifupi 540 ft-lb (muyezo wa mphamvu yogundira), pomwe cha 500 grain cha .45-70 pa liwiro lomwelo chikupitirira 1,200. 500 grain imeneyo ndi magalamu 32, chinthu choti mukachiika pachikhatho mumachimva. Ine ndimakonda zazikuluzi, .45-70 kapena .458 SOCOM, chifukwa ngakhale chisafutukuke nkomwe bowo lake ndi lalikulu kale.

Koma musanaodele chikombole yambani mwadziwa mpope wa mfuti yanu. Mkati muja muli mizere yopota yomwe imazunguliza chipolopolo, ndipo chomwe chimavuta kuzunguliza ndi kutalika kwake osati kulemera, kungoti cholemera chimakhalanso chachitali. Pali masamu akalekale a Greenhill a 1879, mumatenga 150 kuchulukitsa ndi kukula kwa chipolopolo, kuchulukitsanso ndi kukula komweko, kenako kugawa ndi kutalika, zonse mma inchi, yankho lake ndi mainchi omwe chiyenera kuyenda kuti chizungulire kamodzi, asapitirire pamenepo. Cha .458 chotalika 1.3 chimatuluka pafupifupi 24, ndiye mpope wa 1:20, wozunguliza kamodzi pa mainchi 20, ngati wa mfuti ya Marlin 1895 uchigwira bwino. Cha .308 chotalika 1.4 chimatuluka 10, koma pa liwiro lotsika siyani mpata ndithu, mpake ma .300 Blackout amabwera ndi 1:8 kapena 1:7. Kenako tengani kampira ka mtovu ofewa, kapakeni mafuta, mukakhome pangonopangono kuti kadutse mpope onse muyeze kukula kwake ndi micrometer, kachida koyezera tinthu tatingono kwambiri. Chipolopolo chanu chikule kuposa muyezo umenewo ndi .001 kapena .002 ya inchi, chikachepa mpweya otentha umadutsa mmbali nkumasiya mtovu utamatirira mumpope, kuchotsa kwake ndi ntchito yosasangalatsa.

Tsopano mphuno, apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chosongoka kapena chobulungira pa liwiro ili chimangokankhira minofu pambali, bala nkutsekekanso, magazi osatuluka, nguluwe nkuthawira mu tchire la minga kukafera kutali. Zinandichitikirapo kamodzi ndi chipolopolo chobulungira, tinafufuza ndi tochi maola awiri timadontho tamagazi titatu tokha pa udzu, nyama sitinaipeze ndipo zinandipweteka mumtima masiku angapo, sibwino kuzunza chamoyo choncho. Chofunika ndi mphuno yafulati yotakata, pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya kukula kwa chipolopolo, yokhala ndi mmphepete mwakuthwa kuti izidula ngati panchi. Elmer Keith ndi amene anatchukitsa maganizo amenewa mma 1920, kenako Veral Smith wa kampani ya zikombole ya LBT anabwera ndi zipolopolo zake za mphuno yotakata zedi zotchedwa WFN. Kungoti mphuno ikatakata kwambiri mfuti zina makamaka za mtundu wa AR, zodzilowetsera zokha chipolopolo, zimakana kulowetsa, ndiye pangani zipolopolo zitatu zopanda onga muyese kaye ngati zikulowa ndi kutuluka bwino. Makampani a Lee, Lyman, RCBS ndi NOE ali ndi zikombole zopanga kale, Accurate Molds amakudulirani monga mwajambulira.

Za hollow point, mphuno yokhala ndi dzenje kuti chipolopolo chifutukuke chikagunda, anthu amakangana. Ine maganizo anga ndi akuti pa .30 ndi yofunika chifukwa bowo ndi lalingono, koma ikhale yosazama. Nguluwe yaimuna yaikulu ili ndi chishango cholimba pa mapewa, pamwamba pake matope ouma, ndiye chipolopolo chofutukuka msanga chimathera pompo chisanafike pa mapapo. Pa .45 sindivutika nazo, fulati basi.

Mtovu usalimbe kwambiri, apa ndi pomwe oyamba kumene amalakwitsa poganiza kuti cholimba ndiye chabwino. Pa muyezo wa kulimba kwa chitsulo wotchedwa BHN mtovu weniweni uli pa 5, tizitsulo takale tomanira pa mawilo a galimoto tili cha mma 12, mtovu wosakaniza wotchedwa Lyman No. 2 uli pa 15, linotype, ya mmakina akale osindikizira, ili pa 22 ndipo imeneyo ikagunda fupa imasweka ngati mbale yadothi. Pa liwiro losafika la mawu lingani 9 mpaka 12. Magawo 20 a mtovu ndi gawo limodzi la tin amapereka cha mma 10, chimapindika koma osayoyoka, chifukwa tin amagwirizanitsa pomwe antimony, chitsulo cholimbitsa mtovu, akachuluka amaphwanyitsa. Musaziponyenso mmadzi zikangotuluka mu chikombole, zikakhala ndi antimony zimalimba mopitirira, zigwetsereni pa thaulo louma. Ndipo tizitsulo tamawilo tamasiku ano tambiri ndi ta zinc, sankhani kamodzikamodzi, kakangosungunuka kamodzi kawononga poto yense.

Mtovu umasungunuka pa 327°C koma poumba poto akhale cha mma 370 mpaka 400, chikombole chitenthe kaye, zoyamba zimatuluka zamakwinya zibwezereni mu poto. Chitirani panja kapena pomwe mphepo ikudutsa, magalasi kumaso, magolovesi, ana kutali, musadye kapena kusuta muli pa ntchito ndipo sambani mmanja mukamaliza. Dontho limodzi la madzi likalowa pansi pa mtovu osungunuka poto yense amaphulikira kumaso, ndiye chilichonse cholowa mu poto chikhale chouma gwa. Zikazizira yezani chimodzichimodzi pa sikelo, zopepuka kuposa zinzake zili ndi mphako mkati, zichotseni.

Gas check, kachipewa ka kopa komanga kumbuyo kwa chipolopolo, pa liwiro ili ndi yosafunika, ikhozanso kusomphoka mkati mwa sailensa. Mmalo mwa girisi wopaka zipolopolo ambiri tinasamukira ku powder coat, penti waufa, kugwedeza mu kontena ya pulasitiki nkuotcha mphindi 20 pa 200°C mu kauvuni kosaphikiranso chakudya, mtovu sumatira kwambiri mu sailensa.

Onga wake musapeke, tengani manambala osindikizidwa ndi opanga onga ngati Hodgdon, muyambire pamwamba pangono nkumatsika mukuyeza liwiro ndi makina otchedwa chronograph, chifukwa mukachepetsa mopitirira chipolopolo chimatsakamira mumpope ndipo chotsatiracho ndi ngozi yoopsa. Yesani kaye pa pepala sailensa mutachotsa, pa mayadi 25 ndi 50, mabowo akhale ozungulira bwino, mukaona lotalika ngati dzira ndiye kuti chikupendama ndipo chikanagunda mkati mwa sailensa. Kenako ndandalikani zigubu za madzi muwombe, muchitole muyeze kulemera komwe kwatsala.

Kumbukiraninso kuti chimatenga pafupifupi masekondi 0.3 kufika mayadi 100 ndipo chimakhala chitagwa masentimita oposa 40 kuchoka pa mzere wa mpope, ine sindipitirira mayadi 75. Mtima wa nguluwe uli mmunsi komanso kutsogolo kuposa wa gwape, lingani pa phewa penipeni kapena kuseri kwa khutu ikaima, ndipo onani zomwe zili kumbuyo kwake chifukwa zolemera zoyenda pangonozi zimanjanja pa nthaka youma. Posenda dulani mutaye nyama yozungulira bala. Amene muli ku California izi sizanu, kumeneko kusaka ndi mtovu kunaletsedwa kuyambira July 2019.