Mabuleki akamalira kapena kugwira tayala

Madalaivala anzanga, nyengo ya mvula imavutitsa mabuleki kuposa nyengo ina iliyonse. Galimoto ikagona panja itanyowa, m'mawa mumamva kukwecha pang'ono mukaponda buleki. Limenelo ndi dzimbiri la pamwamba pa disiki, chitsulo chonga mbale chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, ndipo limatha mukaponda kangapo. Koma phokoso likakhala la chitsulo kukhulana ndi chitsulo, osaleka, ndiye kuti mapadi, amene amapana disiki kuti galimoto iime, atha. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamayamba kulira kwiii kuti kakuchenjezeni. Akatsala mamilimita 3, sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi, osati tayala limodzi. Mukazengereza, disiki imakumbika, ndipo mudzagula zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. Nthawi zina kamangokhala kamwala kamene kalowa kuseri kwa disiki, makamaka ngati mumayenda m'misewu ya fumbi.

Buleki yogwira tayala imadziwika ndi fungo lopserera, galimoto kukokera mbali imodzi ndiponso petulo kapena dizilo kutha msanga. Mukaima, yandikizani dzanja pa limu lililonse osaligwira. Limene latentha kuposa anzake ndi pomwe pali vuto. Kawirikawiri matope ndi madzi zimalowa mu kalipa, chitsulo chimene chimakanikiza mapadi pa disiki, pamene labala lang'ambika, pisitoni ya kalipayo kapena timapini take n'kuchita dzimbiri. Makaniko atsuke ndi kupaka girisi wa mabuleki, osati girisi wamba, chifukwa amafufumitsa labala. Ngati ndi kumbuyo, aonenso waya wa handibuleki.

Tsopano za mafuta a mabuleki, pamene ambiri timalakwitsa. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, tsegulani boneti, muone kabotolo kamene kawirikawiri kamakhala chakumbuyo kwa injini, mbali ya dalaivala. Mafuta akhale pakati pa MIN ndi MAX. Akatsika pang'onopang'ono, ndi mapadi amene akudyeka. Akatsika msanga, penapake pakudontha, ndipo kungothiramo ena n'kubisa matenda. Yang'anani mapaipi ndi mkati mwa matayala ngati mwanyowa. Chopondera chikamalowa mpaka pansi kapena kufewa ngati siponji, galimotoyo isachoke pamalopo.

Pukutani chivundikiro musanatsegule, ndipo muwerenge mtundu wa mafuta umene walembedwapo: DOT 3 kapena DOT 4. DOT 5 sasakanizidwa ndi amenewa. Oyilo wa injini musamuyese n'komwe, amawononga malabala onse. Botolo limene linatsegulidwa kalekale litayeni, chifukwa mafutawa amayamwa chinyontho. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuwasintha pakatha zaka 2 zilizonse, ngakhale akuoneka odzaza. Madzi amene alowamo amawira mabuleki akatentha, ndipo pa mtsetse wautali ngati wa Chiweta kapena wotsikira ku Chikwawa, phazi limangolowa popanda chogwira. Pamalo otere tsikani ndi giya yaing'ono, injini ithandize kugwira galimoto, buleki muziiponda mopumira.