Mmene mungaunikire nkhani ya phokoso musanachite lendi malo a tchalitchi kapena a ntchito ku Johannesburg

Amalawi ambiri ofuna kutsegula tchalitchi, holo ya maukwati kapena malo owotcherera zitsulo ku Johannesburg amayamba ndi kufunsa mtengo wa lendi, pomwe funso lofunika kwambiri ndi lakuti khonsolo inaika malowo m'gulu lanji, chifukwa gululo ndilo limasonyeza ntchito yololedwa ndi phokoso limene anansi angayembekezere.

Yambani ndi kupempha mwini nyumba akuonetseni zoning certificate, chikalata chosonyeza gulu limene khonsolo inaika malowo, ndipo akazengereza, kaifunseni ku dipatimenti ya Development Planning. Land Use Scheme ya mzindawu ya 2018, imene ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, inagawa malo m'magulu monga Residential 1 (okhalamo anthu), Business 1 (a malonda) ndi Industrial 1 (a mafakitale). Tchalitchi pamalo a Residential 1 chimafuna chilolezo chapadera cha khonsolo, ndipo pempho likaperekedwa, anansi amakhala ndi masiku 28 olemba zifukwa zawo zokanira. Mawu a mwini nyumba akuti "aliyense amachita choncho kuno" sangakutetezeni.

Kenako dziwani miyezo. Muyezo wa SANS 10103, umene akatswiri okonza mizinda amagwiritsa ntchito, umapereka madesibelo (mlingo wa kukula kwa phokoso) 50 masana ndi 40 usiku kumadera okhalamo anthu kumene magalimoto ndi ochepa, 55 ndi 45 m'madera wamba a m'tauni, 65 ndi 55 pamalo a malonda a pakati pa mzinda (CBD), komanso 70 ndi 60 kumafakitale. Usiku umayamba 10 koloko mpaka 6 koloko m'mawa. Apa ndi pamene mipingo yathu imapunthwa kawirikawiri, pakuti mapemphero a usiku wonse amachitika nthawi imene muyezo watsika ndi madesibelo 10, ndipo kusiyana kotereku khutu limakumva ngati phokoso lowirikiza kawiri. Zokuzira mawu zimene sizingavutitse munthu kudera la mafakitale la City Deep zingakuitanireni apolisi a mzinda a JMPD mumsewu wabata wa ku Rosettenville.

Pitani pamalowo kangapo, makamaka usiku ndi Lamlungu m'mawa, muime pampanda wa nyumba yoyandikana nayo, osati m'kati mwa holoyo, poti dandaulo lidzachokera kumeneko. App ya pafoni yoyezera phokoso imapereka chithunzithunzi chabe. Muyezo umene khonsolo imadalira ndi wa ogwira ntchito ku Environmental Health, nthambi yake ya zaumoyo, motsatira malamulo a phokoso a Gauteng a 1999.

Mukapeza kuti malowo ali pakati pa nyumba za anthu, ganizirani kachiwiri, kapena onkhetsani ndalama zokonzera musanasaine. Khoma la njerwa lopanda mipata limatchinga phokoso kuposa malata, mitengo yochepa sithandiza kwenikweni, ndipo jenereta iyenera kukhala m'kanyumba kake kutali ndi mawindo a anansi. Pemphaninso kuti pangano la lendi linene kuti lidzayamba kugwira ntchito pokhapokha khonsolo itapereka chilolezo.