Mmene mungasungire maso anu pambuyo pa opaleshoni ya matenda a shuga

Opaleshoni ya vitrectomy imachotsa magazi amene anatayikira m'kati mwa diso ndiponso zipsera zimene zimakoka retina (kachikopa ka kumbuyo m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala), koma sichiritsa shuga amene anawononga timitsempha ta m'disomo. Choncho mmene mudzaonere zaka zikubwerazi zidalira momwe retina inalili opaleshoni isanachitike, komanso chisamaliro chimene mupereke mukatuluka m'chipatala.

M'masabata oyamba donthezani mankhwala pa nthawi yake, ndipo ngati akuuzani kuti muzigona chafufumimba, pirirani ngakhale khosi lizipweteka. Ngati anaika mpweya m'diso, mudzaona kamzere kakugwedera ngati madzi m'botolo, ndipo kadzatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Mpweyawo usanathe musakwere ndege, chifukwa umafufuma m'mwamba ndipo ungaphe diso. Muuzenso dokotala aliyense amene akufuna kukugonekani ndi mankhwala kuti muli ndi mpweya m'diso. Ngati m'malo mwa mpweya anaika mafuta a silikoni, dziwani kuti satha okha. Kawirikawiri amachotsedwa pa opaleshoni ina.

Musataye mtima mukaona kuti maso akuchedwa kuyera, pakuti kuchira kumatenga miyezi. Ambiri, makamaka opitirira zaka 50, amachita ng'ala m'diso lomwelo pakapita chaka kapena ziwiri, ndipo imeneyi imachotsedwa bwinobwino. Ena mwa amene retina yawo inawotchedwa ndi leza (kuwala kwamphamvu kochokera m'makina a dokotala) amavutika kuona usiku ndi cham'mbali, koma chithandizochi chimachepetsa ndi theka kapena kuposerapo chiopsezo chotaya maso.

Gawo lalikulu la ntchitoyi, kunena zoona, lili pa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Yezetsani HbA1c, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo; kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala pafupifupi 7 peresenti. Ngati shuga wanu wakhala wokwera kwa nthawi yaitali, mutsitseni mogwirizana ndi dokotala, popeza kumugwetsa mwadzidzidzi kungaipitse retina kwa kanthawi. Siyani fodya, ndipo muziyezetsanso impso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene amaleka kupita kuchipatala akangoyamba kuona bwino, chonsecho matendawa amabwerera mwakachetechete, ndipo diso linalo nalo limakhala pangozi. Musaphonye tsiku loyezetsa kapena la jakisoni wa m'diso. Mukaona timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi, kuthwanima, mdima ukuphimba mbali ya diso, kapena diso likafiira ndi kupweteka kwambiri, pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo.