Momwe mungaletsere GNOME kufunsa za mabatani achidule tsiku ndi tsiku

Mwakweza Ubuntu kapena Fedora, mwatsegula pulogalamu ya Remmina kuti mulowe pa kompyuta ya ku ofesi muli kutali, kenako GNOME, desktop ya makinawa, yatulutsa kabokosi kolembedwa "Allow inhibiting shortcuts", kopempha kuti pulogalamuyo igwire mabatani achidule. Mwadina Allow. Mawa lake kabweranso, mkuja chimodzimodzi, ngati wangongole amene sakumva.

Funsoli palokha si vuto. Pa X11 (kapena kuti Xorg), njira yakale yoonetsera mawindo pa Linux, pulogalamu iliyonse inkagwira kiyibodi yonse osapempha aliyense. Wayland, njira yatsopano yolowa m'malo mwake, simalola zimenezo, ndiye Remmina kapena virt-manager ikafuna kuti Alt+Tab ndi batani la Super (lija la chizindikiro cha Windows) zigwire ntchito pa kompyuta inayo, iyenera kupempha kaye. Ubuntu yakhala ikutsegukira pa Wayland kuchokera mu 21.04, ndipo mu 25.10 njira yobwerera ku Xorg pa GNOME inachotsedwa. N'chifukwa chake ambiri akukumana nako kabokosika atangokweza.

Vuto lili pa kusakumbukira. GNOME imasunga yankho lanu pa dzina la fayilo ya .desktop ya pulogalamuyo, fayilo yomwe imaiika pa mndandanda wa mapulogalamu. Ikalephera kugwirizanitsa windo ndi fayilo imeneyo, yankho lilibe polembedwa, ndipo imafunsanso. Zimachitika kwambiri ndi ma AppImage (mapulogalamu obwera mu fayilo imodzi, osafunika kuikidwa), kapena dzina la pulogalamu likasintha.

Yambani n'kuona ngati windo ikudziwika. Pulogalamu ili chotsegula, dinani Alt+F2, lembani lg, dinani Enter, mupite pa Windows. Pansi pa dzina la windo pamakhala wmclass, dzina lomwe pulogalamu imadzitchula nalo kwa GNOME. Mukaonanso dzina lothera ndi .desktop, monga org.remmina.Remmina.desktop, ndiye kuti ikudziwika. Mukaona "untracked", matenda mwawapeza. Esc amakutulutsani.

Ngati ndi "untracked", pangani fayilo, mwachitsanzo pulogalamu.desktop, mu ~/.local/share/applications ndipo mulembemo izi:

[Desktop Entry]
Type=Application
Name=Pulogalamu
Exec=/malo/pamene/ili/pulogalamu.AppImage
StartupWMClass=dzina-munaliona-pa-wmclass

Mzere womalizawu ndi umene anthu amaphonya. Koperani wmclass ndendende, zilembo zazikulu zikhale zazikulu. Tsekani pulogalamuyo, muitsegule kuchokera pa mndandanda wa mapulogalamu, mudine Allow kamodzi. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.

Ikadziwika koma n'kumafunsabe, lembani chilolezocho pamanja mu terminal. Pakufunika lamulo la flatpak ngakhale pulogalamu yanu si ya Flatpak, chifukwa nkhokwe ya zilolezo ndi imodzi. Fedora imabwera nalo kale, pa Ubuntu muyike ndi sudo apt install flatpak, ndipo bando yanu sidandaula kwenikweni. Onani zimene zasungidwa:

flatpak permissions gnome shortcuts-inhibitor

Kenako perekani chilolezo, mukuika dzina lomwe munaliona mu lg:

flatpak permission-set gnome shortcuts-inhibitor org.remmina.Remmina.desktop GRANTED

Mawu akuti GRANTED akhale m'zilembo zazikulu, ndipo musaiwale .desktop kumapeto kwa dzina. Lamuloli musaliyendetse ndi sudo, chifukwa chilolezo ndi cha akaunti yanu, osati cha root. Ngati pulogalamuyo simukufuna kuti izigwira mabatani anu, lembani DENIED m'malo mwake, nayonso isiya kukuvutitsani.

Ine ndimapereka GRANTED kwa mapulogalamu olowera pa makompyuta ena basi. Kapulogalamu kongotengedwa pa intaneti kakapempha kiyibodi yonse, ndimayamba ndadzifunsa kuti kakufuna chiyani.

Pomaliza tulukani mu akaunti, mulowenso, muyese. Pa Wayland, njira yakale ija yoyambitsanso GNOME ndi Alt+F2 ndi r siigwira. Ndipo mukapereka chilolezo, tsiku lina Alt+Tab ikadzakana kukutulutsani mu windo ya Remmina, musathamangire kuzimitsa kompyuta: Super ndi Esc pamodzi zimakubwezerani mabatani anu.