Momwe mungasunthire enum kupita ku dzina lotsatira mu C++

Mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa kuno ku Luchenza ankalemba pulogalamu yosunga makilo a tiyi amene alimi amabweretsa pa sikelo tsiku lililonse. Masiku anawaika mu enum, womwe ndi mndandanda wa mayina, chonchi:

enum class Tsiku { Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu };

Tsiku limene akuligwiritsa ntchito analisunga pa dzina loti lero. Atalemba lero++ (++ ndi chizindikiro chowonjezera 1) kuti tsiku lisunthe, compiler, pulogalamu yomasulira zolembazo kuti makina amve, inakana. Anadabwa, chifukwa m'chinenero cholembera mapulogalamu cha C zimenezi zimatheka: kumeneko enum ndi nambala chabe yovala dzina. C++ salola nambala kusanduka enum yokha, ndipo enum class, yomwe inabwera ndi C++11 mu 2011, imakana ngakhale kusanduka nambala musanailamule.

Njira yake ili ndi magawo atatu. Choyamba, sandutsani tsikulo nambala ndi lamulo la static_cast: int n = static_cast<int>(lero);

Apa a Chichewa chenjerani. Kuwerenga kumayambira pa 0, choncho Lolemba ndi 0, Lachiwiri ndi 1, Lachisanu ndi 4. Dzina likunena zina, makina akunena zina. Mnyamata uja anataya madzulo onse akufunafuna makilo a Lachitatu pa 3, pomwe anali pa 2.

Chachiwiri, onjezani 1, kenako tengani chotsala mukagawa ndi 7: n = (n + 1) % 7;

Gawo ili musalilumphe ayi. Lamulungu ndi 6. Mukangowonjezera 1 mupeza 7, tsiku lopanda dzina, ndipo compiler siidzakuchenjezani. Mudzangoona makilo a mlimi asowa pa lipoti, iye atathyola kale masamba ake m'mame. Ndi % 7, Lamulungu likatha mumabwerera pa Lolemba.

Chachitatu, bwezani nambalayo: lero = static_cast<Tsiku>(n);

Ngati muzichita zimenezi malo ambiri, lembani kamodzi kokha:

Tsiku& operator++(Tsiku& t) { t = static_cast<Tsiku>((static_cast<int>(t) + 1) % 7); return t; }

Tsopano ++lero igwira ntchito. Koma lero++ ikanabe, mpaka mutalemba operator++ ina yolandiranso int.

Njira yonseyi imadalira kuti manambala akutsatana popanda mpata. Mukapatsa mayina manambala anuanu, monga 10, 20 ndi 50, kuwonjezera 1 kukugwetserani pakati pomwe palibe dzina. Pamenepo ine ndimagwiritsa ntchito switch, lamulo losankha chochita malinga ndi dzina, dzina lililonse n'kulilembera lolitsatira. Mizere imachuluka, koma compiler ya GCC mukaiyatsira -Wall imakuuzani dzina limene mwaiwala, bola musaikemo default, gawo logwira mayina onse otsala.